Kalata Imene Ndinasaina Isanalembedwe

Ine ndine mmisiri wa mafiliji. Ntchitoyi ndinaiyamba ndevu zisanamere, lero ndevuzo zayera mbuu, ndipo sindinamvepo filiji ikundifunsa satifiketi. Ndiye tsiku limene galimoto yoyera ya bungwe lina inaima pakhomo pa shedi yanga, anthu ake n'kundiuza kuti andisankha kukhala "mlangizi wa achinyamata amene ali pachiopsezo," ndinayamba ndacheuka kuti mwina akunena wina amene waima kumbuyo kwanga.

Amene anatsika m'galimotomo anali mayi wa nsapato zogogoda, faelo ataikumbatira pachifuwa. Anaponda mafuta a kompuresa ya filiji pakhomo, n'kuchita tsinya ngati mafutawo ndi amene alakwa. Mayi amenewa tinadzawatcha Mayi Lipoti, chifukwa chilichonse chochitika pansi pano iwo ankachiona ngati ndime ya lipoti. Mwana akaseka, lipoti. Akadzicheka chala, lipoti lalitali.

"Abambo, tikufuna anawa muwapatse chiyembekezo," anatero.

"Mayi, chiyembekezo sindisunga muno. Muli gasi, mapaipi ndi waya. Ngati ana anuwo ali ndi manja, abwere mawa m'mawa."

Anabwera atatu. Awiri anali a matisheti. Atangolandira tisheti ya bungwe ndi chipewa chake, ntchito yawo inathera pomwepo, ndipo sindinawaonenso. Wachitatu anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wowonda, wosalankhulalankhula, wogwira sipanala ndi dzanja lamanzere. Tinangomutcha Wamanzere. Tsiku loyamba lomwelo ndinamufunsa kuti akufuna chiyani kwenikweni, poti atsikana ambiri amathawa girisi.

"Ndikufuna ntchito yeniyeni, Madala. Ya pakampani, yokhala ndi khadi pakhosi. Mayi anga achoke pamsewu paja."

Mayi akewo ankagulitsa matimati ndi anyezi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi depoti ya mabasi, dzuwa lawo, mvula yawo, fumbi lonse la mabasi m'chifuwa mwawo. Mwanayo ankafuna chinthu chimodzi chokhacho, ndipo zaka ziwiri zimene anakhala nane sanasinthe mawu.

Koma mwana anali ndi khutu ameneyo! Amisiri ena filiji ikabwera amangoyamba kumasula chilichonse, pofika madzulo masikulu omangira atsala asanu osadziwika kwawo. Iye ayi. Ankayamba waiyatsa, n'kukhala chete, dzanja lili kumbuyo pa mapaipi, mutu ataupendeka. Akatero amvekere, "Madala, kompuresa ndi yamoyo iyi, gasi ndi amene akuthawa." Kenako ankatenga thovu la sopo n'kumapaka pa mfundo iliyonse mpaka kathovu katatukusira pamene pabooka. Sindine munthu woyamikira, ndipo sindinamuuzepo, koma mumtima ndinkadziwa kuti mwanayu adzandiposa.

Tsono bungwe lija linali ndi matenda a mapepala. Mwezi uliwonse fomu yosonyeza kuti mwana akubwera, fomu yosonyeza kuti khalidwe lake likusintha, ndi fomu ina yotsimikiza kuti mafomu awiri aja adzazidwa. Ndinawauza Mayi Lipoti kuti ine ndili ndi manja awiri okha, asankhe ngati akufuna ndiphunzitse mwana kapena ndikhale kalaliki wawo. Sabata yotsatira anabwera akumwetulira, atanyamula mapepala oyera okhala ndi chizindikiro cha bungwe pamwamba ndi kamzere m'munsi.

"Ingosainani m'munsimu, abambo. Zinazo tizikalemba tokha ku ofesi, tisamakuvutitseni."

Ndinasaina makumi awiri ndili chiimire, mapepalawo nditawatsamiritsa pamwamba pa filiji ya munthu, chala changa cha girisi chikusiya chidindo pakona. Ndinkadziona wochenjera kwambiri tsiku limenelo.

Miyezi itatu iliyonse kunkabwera alendo, aja opereka thandizo, a zipewa zazikulu ndi mabotolo a madzi m'manja. Ankawakhazika pa mipando ya pulasitiki m'holo ya bungwe, ndipo Wamanzere ndi amene ankaimikidwa kutsogolo kuti anene mbiri yake. Asanalowe, Mayi Lipoti ankamuvula ovolosi yochapa n'kumuveka yong'ambika imene ankaisunga mu kabati ya ku ofesi, kenako n'kumupaka girisi patsaya ndi chala chawo chopenta. Ine wa girisi zaka zonsezi sindinaonepo girisi wokwera yekha n'kukakhala patsaya mwadongosolo choncho.

Ulendo woyamba mwanayo ananena zoona: bambo ake anachoka iye ali wamng'ono, sukulu anailekeza panjira, ndipo ankagulitsa madzi pa depoti. Alendo anagwedeza mitu, koma panalibe analira. Mayi Lipoti sanagone nazo zimenezo. Ulendo wachiwiri mwanayo anali atasanduka wamasiye. Wachitatu ankagona pansi pa mlatho. Pofika wachinayi anali wopisa anthu m'matumba, wosuta chamba, wothawa apolisi. Tsiku limenelo mayi wina mwa alendowo analira mpaka mamina, ndipo mnzake anajambula zonse pa vidiyo. Mayi Lipoti ankawala nkhope ngati mwini ukwati.

Tsiku lina mayi ake a Wamanzere anamva kuti mwana wawo amalankhula pamaso pa anthu akuluakulu. Anasiyira mnzawo matimati, n'kuvala diresi lawo la kutchalitchi, n'kubwera kudzamuonera. Mayi Lipoti anawaona pawindo, n'kuthamanga, nsapato zija go go go, kukawatsekereza pageti.

"Mayi, pepani, lero ayi. Mwana wanu ndi wamasiye mpaka folo koloko."

Anthuni, ine ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu angawa. Mayiwo anakhala pa kalavati kunja kwa geti, manja pamiyendo, kudikira kuti auke kwa akufa.

Madzulo ake ndinamufunsa mwanayo kuti amavomera bwanji kudzitukwana chotero.

"Akuti alendowo akapanda kulira, bokosi la zipangizo limene anandilonjeza silibwera, Madala. Ndi sewero chabe. Limatha."

Ine ndinaseka. Ndinaseka ndithu, n'kukawasimbira mayi a kunyumba, iwo osaseka. Ndinkati zopusa za bungwe zimathera m'holo momwemo, kuno ku shedi timagwira zenizeni. Bokosi la zipangizo linabweradi, labwino, la sipanala zonyezimira, ndipo ndinati basi, amene wapusitsidwa ndi mlendo.

Chaka chachiwiri chikutha, kampani ina yaikulu yokonza mafiliji ndi zipinda zoziziritsira katundu inalengeza kuti ikufuna amisiri awiri. Ndi ija imakonza za m'masitolo akuluakulu ndi za m'nyumba za anthu olemera. Wamanzere anabwera ndi chikalata cholengeza ntchitoyo atachipinda kanayi. Akampaniwo ankafuna zinthu ziwiri: munthu akayesedwe pamaso pawo, ndiponso abweretse kalata yomuchitira umboni yochokera kwa amene anamuphunzitsa ntchito.

"Madala, mundilembere."

Anandipeza nditagona chagada pansi pa filiji yaikulu ya mwini butchala, amene ankandiimbira foni mphindi iliyonse kuti nyama yake ikuwola. Sindinatulutse n'komwe mutu.

"Iwe, zolemba zanga ndi mapazi a nkhuku, ukudziwa. Pita kwa Mayi Lipoti. Ali ndi mapepala anga osainasaina, ali ndi kompyuta, ali ndi chidindo. Amene aja kulemba ndiyo ntchito imene anabadwira."

Ndinaona nsapato zake zitaima pomwepo kanthawi. Kenako zinachoka. Mawa lake anabwera ndi envelopu yomata bwino, chidindo chofiira pamsana, ndipo ine ndinati, waona, ndi mmene zimakhalira zinthu za anthu ophunzira.

Tsiku loyesedwa kunali anthu oposa makumi awiri, ambiri a kukoleji, mataye m'khosi, masatifiketi m'mapulasitiki. Mtsikana anali iye yekha. Anawaikira filiji ya m'sitolo, ija ya chitseko cha galasi, imene inkalira koma osazizira. Anyamata a mataye aja, mmodzimmodzi, ankati kompuresa yafa, igulidwe ina. Wamanzere anapempha sopo. Akuti ena anaseka, n'kumufunsa ngati wabwera kudzachapa. Anapaka thovu lake, n'kupeza kabowo konga ka singano kuseri kwa paipi, n'kuwotcherera, n'kuthira gasi. Pasanathe ola galasi lija linachita nkhungu. Kapitawo wa amisiri anamugwira chanza, n'kumufunsa saizi ya nsapato ndi ya ovolosi. Envelopu ija anaisiya kwa sekilitale, kuti bwana wolemba anthu ntchito adzaitsegule Lolemba.

Anafika ku shedi akuthamanga. Mwana wosalankhula uja analankhula tsiku limenelo mpaka ndinamuuza kuti apume. Mawa lake mayi ake anabwera ndi beseni la matimati pamutu, n'kulitula pamapazi anga, n'kugwada pa girisi pomwepo. Ine ndinanyada, ndisaname. Ndinauza aliyense wodutsa, ngakhale wa butchala uja, kuti mwana wa m'manja mwanga wagwetsa a kukoleji. Mayi a kunyumba okha ndi amene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndinawauza kuti asiye kulodza.

Lachitatu foni yake inalira tili pa ntchito. Anatuluka nayo panja. Atabwerera anakhala pa kreti, n'kumayang'ana pansi.

"Akuti pepani. Akuti atenga ena."

"Chifukwa?"

"Akuti kalata."

Sindinafunsenso. Ndinasamba m'manja ndi palafini, n'kuvala jekete yanga ija ya kumaliro, n'kukwera basi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikawauza kuti ngati akuopa mkazi anene poyera, asabisale kuseri kwa pepala.

Bwana wolemba anthu ntchito anali munthu wa magalasi, wofatsa, wa mtundu uja umakupsetsa mtima chifukwa sukweza mawu. Anandisiya ndibwebwete mpaka mpweya unandithera. Kenako anatsegula diloo, n'kundipatsa masamba awiri.

"Ndinu amene munalemba iyi, abambo?"

Ndinawerenga. "Mtsikana uyu tinamutola pansi pa mlatho. Anali wamasiye, wopisa anthu m'matumba, wosuta chamba, ndipo panalibe munthu akanamusungitsa ngakhale singano. Apolisi a pa depoti ankamudziwa ndi dzina. Koma chifukwa cha chikondi cha bungwe lathu ndi anthu akufuna kwabwino..." Tsamba loyamba lonse linali misozi yokhayokha. Lachiwiri linali la bungwe: chaka chimene linayamba, ana amene lawapulumutsa, masomphenya ake. Filiji inatchulidwa kamodzi kokha, mzere womaliza: "Panopa amathanso kukonza mafiliji." M'munsi mwake munali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja langa, ndipo pakona panali chala changa cha girisi.

"Bodza ili!" ndinakuwa. "Mwanayu sanabepo kanthu. Mayi ake ali moyo, matimati awo ndikudya kunyumba kwanga panopa. Izi ndi zimene amanamiza nazo alendo kuti alire."

Bwanayo sanatsutse. Anatenga foni yake, n'kudinadina, n'kuitembenuzira kwa ine. Anali Wamanzere, ovolosi yong'ambika, girisi patsaya, akunena ndi pakamwa pake mmene ankasololera zikwama za amayi pokwera basi. Vidiyoyo inali pa tsamba la bungwe pa intaneti, pamene aliyense angaione.

"Abambo, amisiri athu amalowa m'nyumba za anthu eni ake kulibe. Timawapatsa makiyi a masitolo. Kapitawo wanga wandichonderera dzulo lonse kuti mwanayu ndi wabwino kuposa onse, ndipo ndikukhulupirira. Koma taonani. Kalatayi ikakhala yoona, ndikulemba ntchito wakuba. Ikakhala yabodza, ndikulemba wabodza, wophunzitsidwa ndi munthu wosainira mabodza. Mundisankhire ndinu."

"Ndipatseni pepala, ndilembe ina pompano."

"Musaine ndi dzanja liti? Lomweli?" Ananena mosanyoza, ndipo n'zimene zinandipweteka kwambiri. "Komanso malo aja tapereka kale m'mawa uno."

Ndinatuluka khosi litathyoka. Manyazi otero sindinawamvepo chibadwire. Koma manyazi a munthu wamkulu sachedwa kusanduka mkwiyo, ndiye ndinalunjika ku ofesi ya bungwe.

Ndinawapeza Mayi Lipoti atakhala pansi pa fani, kumbuyo kwawo kuli chithunzi chachikulu cha Wamanzere pakhoma, girisi yemwe uja patsaya. Ndinawauza zonse, osasankha mawu. Iwo anakhumudwa, koma osati chifukwa cha mwanayo ayi.

"Abambo, kalata imene ija ndi yabwino kuposa zonse zimene ndalembapo. Ndi imene inaliza komiti yonse ya opereka thandizo chaka chatha. Ine ndinangosintha pamwamba pokha."

"Mayi, kampani si maliro. Sanafunse kuti tiwalize. Anafunsa ngati mwana amadziwa ntchito."

"Nanga sindinalembe kuti amakonza mafiliji?"

Asa! Munthu woteroyo umuyambire pati? Zaka zonsezi sanalembepo chilichonse chokhudza mwana popanda kuyamba wamugwetsa m'ngalande kuti bungwe lioneke likumuvuula. Sankadziwa n'komwe kuti kalata ina ingayambire pamene munthu waima. Ndikanena kuti anachita mwankhanza ndinama. Anachita ndi mtima wonse, ndipo ankayembekeza kuti ndiwathokoza.

Kenako ndinaona maso awo akuyamba kuwala. Anakoka kope.

"Dikirani kaye. Ndiye kuti amukana chifukwa cha mbiri yake? Abambo, limenelitu ndi tsankho! N'zimene timanena nthawi zonse, kuti anthu sawapatsa ana athu mwayi wachiwiri. Alendo akubwera Lachisanu. Akadzanena zimenezi yekha, ndi pakamwa pake..."

Anayamba kulemba ine ndili pomwepo. Mawu amene ndinawayankha sindingawabwereze, poti ena mwa inu mumapemphera. Nditamaliza ndinati andibwezere mapepala anga otsala.

"Anatha, abambo. Limene lija linali lomaliza."

"Ena khumi ndi asanu ndi anayi ali kuti?"

"Ali m'malipoti."

Mpaka lero sindidziwa kuti dzina langa linavomereza zotani m'mayiko a eni. Amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, koma apa wodya ndinali ine, wopotokola n'kukhala mwana.

Ndinafika ku shedi dzuwa litapendeka. Ndinkaganiza kuti ndipeza potseka, koma chitseko chinali chotsegula. Wamanzere anali atagwada kumbuyo kwa filiji ya mayi wina wogulitsa zoziziritsa kukhosi, akuwotcherera paipi. Sanacheuke. Ndinavula jekete, n'kuikoleka pa msomali, n'kumayendayenda ngati ndikufuna chinthu.

"Mwaiona?" anafunsa.

"Ndaiona."

"Kapitawo uja wandiimbiranso. Akuti dzina lili m'munsi ndi lanu."

"Ndi langa. Koma mwanangu, sindinalembe ndine. Sindinaiwerenge n'komwe, Mulungu ndi mboni. Ndi Mayi Lipoti aja, ndipo ndawasambitsa chokweza, sadzaiwala. Anthu opanda nzeru, ongodziwa..."

Anazimitsa moto uja. Anakhala pa zidendene, n'kundiyang'ana. Sanali kulira, ndipo bola akanalira.

"Madala, mukanalemba inuyo, mukanalemba chiyani?"

Ndinayamba ndakanda kumutu. Kenako mawu anabwera okha.

"Ndikanalemba kuti uli ndi khutu loposa langa. Kuti zaka ziwiri zonsezi filiji imene wagwira iwe sinabwererepo kachiwiri. Kuti makiyi a shedi ino amagona kwanu, ndipo sindinasowepo ngakhale sikulu imodzi."

"Basi?"

"Basi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati mmene amachitira akamva pamene filiji ikudwala.

"Ndi zochepa chonchi? Zimenezotu mukanalemba muli chigonere pansi pa filiji paja, Madala. Ine ndikanakugwirirani pepala."

Anatembenuka n'kuyatsanso moto wake.